Khutu la Gitala ya Atate

Atate anabwerako ku migodi ndi chifuwa, sutikesi imodzi ndi gitala yamagetsi. Kwathu ku Zemba kunalibe magetsi, ndipo panalibe wolota kuti adzafika. Anthu ankawaseka poyera: zaka zonsezo pansi pa nthaka, munthu n'kubwera ndi thabwa losalira?

Inali yofiira, yopangidwa ku Japani, utoto utapalika pamene pankatsamira mkono. Inalibe mimba ngati magitala amene tinkawadziwa. Ukakhudza nsambo, mawu ake ankangomveka ngati udzudzu. Ife tikapita kumunda wa mtedza, atate ankatsala pakhonde n'kumaimba okha. Anali mkamwini m'mudzi wa amayi, ndipo anzawo a bandi anawasiya ku Kitwe.

Tsiku lina anandilozera kachitsulo konyezimira kamene kanali pansi pa nsambo.

"Aka amati pikapu, mwana wanga. Ndi khutu la gitala. M'kati muli maginito ndi waya woonda ngati tsitsi. Tikadzapita ku Chipata tidzailumikiza ku chimkuzamawu, udzamve wekha mmene atate wako ankavinitsira anthu."

Sitinapite. Anamwalira nthawi yokolola thonje, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kwathu katundu wa mwamuna amapita kwa abale ake. Azakhali ananeneratu kuti gitala idzakhala ya mwana wawo, msuweni wanga, ndipo adzaitenga tsiku lometa. Ndinapsa mtima, monga ndimachitira mpaka lero. Amene ankawasambitsa atate ndi kuwataira makhololo ndi ine, koma gitala ipite kwa munthu amene ankangobwera kudzaona odwala pa Sabata?

Kutatsala tsiku limodzi ndinalowa nayo m'nyumba, n'kumasula kachitsulo kaja ndi nsonga ya mpeni. Ndinadula timawaya, n'kuchotsa maginito ndi waya wake, kenako ndinabwezerapo chivundikiro chopanda kanthu. Zimene ndinachotsazo ndinazikulunga m'kansalu n'kusomeka m'udzu wa denga. M'mawa mwake ndinamuthandiza msuweni kumanga gitala panjinga ndi mphira. Iye ankathokoza, ine ndikuseka chamumtima.

Kusekako sikunakhalitse. Chimene ndinatsala nacho chinkangokoka singano ndi timisomali. Sindikanatha kuonetsa munthu, ngakhale amayi. Masana ndikabwera kumunda ndinkapeza pakhonde pali zii, ndipo ndinasungulumwa kuposa masiku a maliro enieniwo.

Mvula itatsala pang'ono kugwa ndinakumana ndi msuweni ku boma, ku Chadiza. Tonse tinali pamzere wa pachipata cha msika, kuonetsa makhadi kwa anyamata a chipani. Titalowa anandikokera pambali, nkhope ili yakugwa.

"Msuweni, gitala ija ndinapita nayo ku Chipata," anatero. "Amalume anandiuza kale kuti anakulonjeza kuti udzaimva ikulira. Ndinati ndikaiyese kaye, ikalira ndidzakutenge tikamvere limodzi."

Iye anapitiriza kuti anapeza anyamata oimba m'bala ina, ndipo iwo anavomera kuilumikiza ku chimkuzamawu. Anapotoza apa, anapotoza apo, anasintha nthambo, koma sinatulutse mawu ngakhale pang'ono. Anamuseka kuti wanyamula mtembo kuchokera kumudzi. Chifukwa cha manyazi anawasiyira kuti achotseko nsambo ndi zokungira zake. Za thabwalo sanafunsenso.

"Pepa, msuweni," anatero, misozi ikulengeza. "Ine ndinkawakhulupirira amalume. Koma ndikuona ngati ankangotinamiza. Mwina sinalirepo n'komwe, ndi za bandizo mwina kunalibe."

Atate anali oti ndiwaikire kumbuyo pomwepo. Mawu ochepa okha akanakwana, akuti gitala inali bwino, wakuba ndi ine. Ndinamuyang'ana munthu amene anapalasa njinga ulendo wonsewo chifukwa cha ine, ndipo ndinachita mantha kuti ndikaulula nayenso andisiya. Panthawiyo ndinalibe wina wolankhula naye za atate.

"Mwina," ndinatero.

Anandigulira nzimbe, tinatafuna tili chiimire, kenako aliyense analowera njira yake. Msuweni wanga anakalamba mpaka kumwalira akuuza ana ake kuti amalume ake anali munthu wabwino, kungoti anali wabodza.