Chipolopolo cha Nguluwe

Ndinagwira ntchito m'fakitale ya tiyi mpaka makina anandigonthetsa makutu. Atatero anandisamutsira ku ulonda, n'kundipatsa mfuti ya chifefe ya mpope umodzi. Imalowa chipolopolo chimodzi basi. Ukaphonya, zako zada.

Chaka china nguluwe inazolowera kutuluka m'nkhalango ya bulugamu n'kumafukula chinangwa kuseri kwa nyumba za antchito. Tsiku lina mlonda mnzanga anakumana nayo kutangocha, n'kuiwombera. Koma anali atalowetsa chipolopolo cha nkhanga, chija cha timachaka ting'onoting'ono. Nguluwe siifa ndi zimenezo. Zimangoikwiyitsa. Inathawira m'munda wa tiyi, magazi ali chuchuchu kumaso.

Munda wa tiyi ukauona pamwamba ndi wosalala ngati mphasa. Pansi pake ndi mdima ndi tinjira. Chinyama chimakufika m'maondo usanachione. Ndipo munda umenewo ndi umene gulu la mkazi wanga linkayenera kuthyola tsikulo.

Ndinapita kwa kapitawo.

"Anthu asalowe," ndinatero.

"Tsamba silidikira, madala," anayankha mokuwa kuti ndimve. "Mfutiyo anakupatsirani chiyani, kupiringidzira chitseko?"

Anangolola kuti adikire mpaka chifunga chichoke.

Zipolopolo tinkasunga m'chitini, za nkhanga ndi za nyama zazikulu pamodzi. Zinali zitatsala zochepa. Chinyontho cha chiperoni chinali chitafufuta manambala ake onse, moti maso sakanasiyanitsa. Kung'amba ndi mpeni n'kuononga. Alenje amachigwedeza chipolopolo pafupi ndi khutu, n'kumva kukula kwa machaka m'kati. Ndinagwedeza chimodzi. Zii. Ndinagwedeza china. Zii. Mnzanga uja anatambasula dzanja kuti andithandize. Ndinamukaniza. Khutu lake ndi limene linatifikitsa pamenepa.

Azimayi anali ataima m'mphepete mwa msewu, madengu kumsana. Mkazi wanga anatuluka pagulupo.

"Bweretsani kuno, bambo."

"Ulenje mwauyamba liti, asisi?" anakuwa mnzake wina. Ena anaseka, koma mwachidule.

Anatenga chimodzi, n'kugwedeza.

"Mchenga."

China.

"Mchenganso."

Chotsatira anachigwedeza nthawi yaitali atatsinzina. Anachisinthira ku khutu lina.

"Ichi ndi nandolo wouma."

"Mukutsimikiza, mayi?"

"Wopeta ndine. Inu mumangodya."

Ndinachilowetsa m'mfuti, n'kutseka.

Mame anandinyowetsa mpaka m'chiuno. Ndinkayenda pang'onopang'ono, kutsata magazi pa masamba a m'munsi. Mlenje wina akanamva kupuma kwa nguluweyo, kapena nthambi ikuthyoka. Ine ndinali ndi maso okha, ndi mphuno. Fungo lake ndinalimva ndili pafupi ndi ngalande yodutsa pakati pa munda. Ndinaima kutsidya lino. Pamenepo pokha ndi pomwe panali poyera.

Chifunga chinayamba kukwera. Kumbuyoku ndinadziwa kuti kapitawo akuyang'ana kumwamba.

Kenaka nsonga za tiyi zinagwedera. Mphepo kunalibe. Mzere umodzi wokha ndi umene unkagwedera, ndipo kugwederako kunkabwera kwa ine. Ndinakweza mfuti. Chala chinkafuna kukoka, ndinachiletsa. Kuwombera masamba n'kutaya chipolopolo. Mumtima munkangobwera funso limodzi: ngati ndi mchenga? Ndiye kuti miyendo yanga yapita, ndipo chinyamacho chitsala m'munda momwe mulowe azimayi aja.

Nguluwe inatulukira pa ngalande, diso limodzi litatsekeka ndi magazi, mano pamtunda. Inadumpha. Ndinakoka.

Mfuti inandimenya paphewa mwamphamvu, osati mmene imachitira ndi za nkhanga. Nguluwe inagwa chamutu, n'kukhwekhwereka m'matope mpaka mphuno yake inagunda jombo yanga. Inaphupha pang'ono, n'kuleka.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Kapitawo analiza wezulo, ndinangoona masaya ake akutupa. Azimayi anayamba kulowa m'mizere. Mkazi wanga anadzera pa ngalandepo. Anayang'ana nguluwe, n'kundiyang'ana ine kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kenaka anawerama, n'kuika pakamwa pa khutu langa.

"Nandolo," anatero.

Analowa mumzere wake. Anayamba kuthyola.