Dontho Lofiira pa Mgolo wa Mayi Odile

M'mudzi mwathu, kumtunda kwa tauni ya Beaune, mukafunsa njira ya kwa a Chauvelot, anthu amayamba akufunsani kaye kuti, "Mukufuna wofiira kapena woyera?" Mukati wofiira, ndiye kuti mukufuna a Firmin. Mukati woyera, mukufuna akazi awo, mayi Odile. Geti ndi limodzi, galu ndi mmodzi, bedi nalonso akuti ndi limodzi, koma vinyo ndi wa mitundu iwiri, ndipo eni akewo sanagwirizanepo chikwatirane.

Mayi Odile anabadwira kuseri kwa phiri, kumene dothi lake ndi lotuwa, la timiyala tokhatokha. Pokwatiwa anabwera ndi sutikesi, makina osokera, ndi kamunda ka mipesa ya chardonnay, ya vinyo woyera, kamene bambo awo anawapatsa. Apongozi awo aamuna atakaona kamundako anati kazulidwe, adzalemo pinot noir, mipesa ya vinyo wofiira, ngati anthu. Mtsikanayo, woonda ngati bango nthawi imeneyo, anangoti, "Bambo, mukazula mpesa umodzi, ine ndikwera basi ya mawa." Mipesa ija ilipobe. Apongoziwo ndi amene anatsogola.

Lero mayi Odile ndi gogo wamfupi, wa manja okhakhala ndi mawu omveka mpaka kutchalitchi. Amaimba kwaya, ngakhale kuti palibe amene anawapempha. Amaphika timabanzi ta tchizi timene alendo amamwera vinyo, ndipo amadziwa bwino amene watenga kachiwiri asanapatsidwe. Koma chimene ankanyadira koposa zonse chinali m'chipinda chapansi pa nyumba, kumene kumakhala migolo yamatabwa: ya a Firmin kumanzere, yawo kumanja. Chubu chagalasi chotungira vinyo aliyense anali ndi chake. Paipi yake, nsanza yake. Ndipo mlendo aliyense ankauzidwa, afune asafune, kuti, "M'migolo yangayi simunalowepo ngakhale dontho la zofiira za bambowa."

Alendo ambiri ankabwera kudzalawa vinyo, koma ena, tinene zoona, ankabwerera mkanganowo.

"Timayamba ndi wofiira," ankatero a Firmin, "chifukwa wamkulu amayenda patsogolo."

"Ofika msanga paphwando ndi anjala," ankayankha mayi Odile.

Alendo ankaseka n'kugula mabotolo a mbali zonse ziwiri poopa kukhumudwitsa wina. Ena ankati awiriwa amachita kupangana. Ife oyandikana nawo tikudziwa kuti sapangana, chifukwa amatero ngakhale ali okha.

Koma kuseri kwa nthabwalazo mayi Odile anali ndi nkhawa yeniyeni. Mawondo awo anali atayamba kukana chitunda, msana wa a Firmin nawonso unali utapindika, ndipo mwana anali mmodzi yekha, Solène. Mtsikanayo ankaidziwa mipesa kuposa makolo ake, koma anatengera liuma la onse awiri, ndipo atakangana ndi bambo ake anapita kukagwira ntchito kumzinda wa Lyon. Anyamata amene anabwera nawo kale, a Firmin anawathamangitsa ndi pakamwa. Wina analowa m'chipinda cha vinyo atadzithira perefyumu, n'kusokoneza fungo la vinyo. Wina anameza zonse zimene anapatsidwa, n'kutuluka akukwawa.

Tsopano Solène anali ataimba foni. "Amayi, ndikubwera ndi Clovis Loweruka. Ababa akamulandira, tibwera kudzakhala konko, ndidzagwira mipesayo. Akamuchita zija anachita enawo, ine basi, musadzandifunsenso."

Mayi Odile anadziwa kuti mwanayo sakuseka. Ndi mawu omwe aja a basi ya mawa.

Clovis anali chimunthu chachitali, dalaivala wa basi, wochokera ku Lille, kumene anthu amamwa mowa wa balere n'kumaganiza kuti zinthu zili bwino. Atangotsika m'galimoto, mayi Odile anamukokera kuseri kwa khoma.

"Tamverani, achimwene. Kunsiko musalankhule zambiri. Mukalawa, lavulani pamiyala, osameza. Ndipo wotsala m'tambula sitimataya kuno, timabwezera mu mgolo. Mwamva?"

"Ndamva, mayi. Kulavula, kubwezera."

"Ndi kutseka pakamwa."

Mwambo umenewu ndi wakale kwathu kuno. Vinyo wa mu mgolo ndi thukuta la chaka chathunthu, ndipo mlendo amene amakhuthulira wotsala pansi amakumbukiridwa mpaka pamaliro pake. Mayi Odile ananena zoona zokhazokha. Anangoiwala kakang'ono kamodzi, kamene mwana aliyense wa kuno amabadwa akukadziwa.

Potsika masitepe Clovis anagunda mutu pakhomo, phu! A Firmin anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Khomo limeneli analimangira anthu, osati nyamalikiti."

"Pepani, bambo."

"Ukupepesa ine? Pepesa khomolo."

Solène anakukuta mano. Mayi Odile anayendetsa mbale ya timabanzi mofulumira.

A Firmin anazula chotsekera pa mgolo, n'kuviika chubu chawo, n'kugawira aliyense pang'ono. Clovis anazunguza tambula monga anaonera ena akuchitira, ananunkhiza, anamwa, kenako analavula. Analavulira nsapato zake zomwe. A Firmin anayang'ana kudenga ngati akupempha mphamvu.

"Chabwino, a dalaivala. Tiuzeni, mukumvamo chiyani?"

Apa ndi pamene alendo a m'tauni amayamba kutchula zipatso zimene sanadyepo ndi maluwa amene sanawaonepo. Clovis anakanda pamutu potupa paja.

"Bambo, ine kunama sindingathe. Ndikungomva kukoma. Ndipo ndikumva chisoni kuti ndamulavula."

A Firmin anangoti, "Hm." Solène sanamve kanthu, koma mayi Odile, amene akhala akumasulira ma "hm" a bambowa moyo wawo wonse, mtima unakhala pansi. Ameneyu anali "hm" wabwino. Mgolo wachiwiri unayenda bwino, wachitatu chimodzimodzi, ndipo nthawi iliyonse Clovis ankabwezera wotsala mosamala ngati akuthira mankhwala m'diso.

Kenako inafika nthawi ya woyera, Clovis asanabwezere wotsala wa mgolo womaliza. A Firmin ndi Solène anatsalira kumanzere, atawerama, akukangana za mgolo wina umene mtsikanayo ankati ukudontha pamene bambo ake ankati ukungotuluka thukuta. Mayi Odile anaolokera kumanja, n'kuzula chotsekera pa mgolo wawo wapamtima, wa mipesa ija ya bambo awo. Anatembenuka kuti atenge chubu chawo pa msomali. Kumbuyo kwawo anamva kuti chulululu.

Atacheuka anaona Clovis atawerama pa mgolo wawo, lilime lili panja chifukwa chosamala, akukhuthuliramo pinot noir wotsala m'tambula yake. Atamaliza anawamwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Dontho limodzi lofiira linali kutsetsereka pa thabwa.

Mayi Odile anaona mdima. Kunena zoona, kavinyo kakang'ono ngati kameneko mu mgolo wathunthu, ngakhale wansembe sangakazindikire. Koma nkhani sinali ya kukoma ayi. Anakwiya kwambiri, ndipo mawu amene anafika pakhosi pawo sanali oyenera munthu wa kwaya. Anafuna kumumenya ndi chubu chija pamutu, pamalo potupa pomwepo.

Ndiye anamva mapazi a a Firmin pamiyala.

Madzi akatayika saoleka. Mayi Odile anatsomphola tambula ija m'manja mwa Clovis n'kumupatsa chubu.

A Firmin anaima. Anayang'ana mgolo wotsegula, anayang'ana dontho lija, anayang'ana tambula ya zotsalira zofiira m'manja mwa akazi awo. Solène nkhope inagwa, ndipo dzanja lake linali litalowa kale m'thumba, pamene panali makiyi a galimoto. Mayi ake anaziona zimenezo.

"Wachita izi ndani?" anafunsa a Firmin.

"Ndine," anatero mayi Odile.

"Inu?"

"Ine. Ndasokoneza migolo. Maso akalamba, bambo a Solène, ndiye mukufuna nditani?"

Clovis apa m'pamene anazindikira chimene wachita. Anatuwa. "Bambo, ayi, si mayi amene..."

Mayi Odile anamuponda phazi ndi mphamvu zonse za munthu wokwera mapiri. Koma mnyamatayo, wosatha kunama uja, anapitiriza akutsimphina. "Ndine ndathira, bambo. Sindinadziwe kuti..."

"Khala chete, iwe!" anakuwa a Firmin. "Usandilande tsiku langa! Ndalidikira tsiku limeneli kuyambira ndili ndi tsitsi. Mwini wake wavomera pamaso pa mboni, ndiye iwe ukuti chiyani?"

Ndipo nkhalamba ija, ya msana wopindika, inavula chipewa n'kuyamba kuvina pakati pa migolo. "Imbani belu la tchalitchi! Itanani ameya! Odile wathira wofiira mu woyera ndi dzanja lake! Mayi a Solène, mwachita bwino, chaka chino vinyo wanu akoma."

"Vinani bwino, mungathyoke," anatero mayi Odile. Zinawapweteka, tisaname. Chimene ananyadira chikwatirane chinathera pamenepo, ndipo anadziwa kuti bambowa sadzatopa nayo nkhaniyi mpaka kumanda. Solène anayang'ana mayi ake, kenako anatulutsa dzanja m'thumba.

Analawa woyera uja. A Firmin anati akumvamo kale kusintha. Pokwera masitepe, anamugwira Clovis pamkono.

"Werama, iwe, khomo lija silinasamuke. Tandiuza, jombo umavala namba chani?"

"Jombo, bambo?"

"Ukuganiza kuti m'munda udzalowa ndi tinsapato ta malovuto? Tidzachita kuitanitsa, mapazi ngati amenewa m'sitolo ya kuno mulibe."

Ana aja atatuluka panja, akuluakulu awiriwo anatsala akutsuka matambula, aliyense pa beseni lake.

"Ndinaona amene anathira," anatero a Firmin chapansipansi.

"Ndikudziwa kuti munaona."

"Ine ndakupemphani kangati kuti mugonjeko kamodzi kokha? Ayi. Koma wa mowa wa balereyu, tsiku loyamba lomwe."

"Inu simunafunepo kupita ku Lyon osabwerera, ngati mwana wathuyu."

A Firmin anapukuta tambula imodzi kwa nthawi yaitali. "Ndikanenabe kwa ophika buledi mawa."

"Kaneneni."

Ndipo anakanenadi. Pofika Lamulungu masana mudzi wonse unali utamva. Wopereka makalata ankafunsa ngati mayi Odile akufuna awagulire magalasi a maso. Azimayi a kwaya anawabweretsera nsanza ziwiri, yofiira ndi yoyera, kuti aziphunzirira mitundu. Alendo akabwera, a Firmin ankawatsogolera okha pa mgolo uja n'kuwaonetsa banga la dontho lija, limene anakana kuti lichapidwe. Mayi Odile ankangoti, "Dyani timabanzi," ndipo chilungamo cha nkhaniyo sanauze munthu aliyense. Ine ndinachimva kwa Clovis, amene mpaka lero kunama sakutha.

Chisanu chitayamba kuchepa inafika nthawi yodulira mipesa. M'mawa wina mayi Odile anakwera chitunda mochedwa, mawondo akudandaula, n'kukhala pa kreti kumapeto kwa mzere. Utsi wa nthambi zowotchedwa unali utadzaza phiri lonse. Mnansi wina podutsa pa thirakitala anakuwa kuti, "Mayi Odile, vinyo wosakaniza uja tilawa liti?"

"Paukwati, ngati tikuitaneni!"

Kumunsi kwa munda, Clovis ankakankha wilibala atavala jombo zazikulu ngati mabwato. Pafupi naye panamveka mawu awiri, ofanana liuma.

"Ababa, nthambi imeneyo siyodula!"

"Ndayamba kudulira mipesa iwe usanabadwe!"

"N'chifukwa chake yatopa nanu!"

Mayi Odile anatchera khutu. Phokoso limeneli anali atalisowa zaka zambiri, ndipo usiku wina uliwonse ankaopa kuti adzafa asanalimvenso. Anasangalala mpaka misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Anakhala pa kreti paja, sizasi yodulira ili pamiyendo, akumvetsera mwana wawo akukangana ndi bambo ake m'munda wa kwawo.