Kukachotsa Dzina la Amuna Anga ku Ofesi ya Misonkho

Ndinanyamuka ku Chinsapo Lachiwiri cha m'ma 7 m'mawa, zikalata zili mu jumbo. Ndinkapita kukadziwitsa a misonkho kuti sitolo yathu ya zipangizo za njinga sikutchedwanso Kapalamula, dzina la malemu amuna anga. Tsiku londisudzula, alamu anga ananena poyera kuti dzinalo ndi lakwawo, ndipo likakhalabe pakhoma ndiye kuti sitolonso ndi yawo. Ana anga atatu amadya za m'sitolomo, choncho ndinasankha sitolo. Kolembetsa mabizinesi anali atandipatsa kale chikalata cha dzina latsopano, Nabanda, la kwathu. Kwa a misonkho kokha n'kumene ndinazengereza masabata atatu.

Minibasi inali K1,000 mpaka m'tauni. Tinathinana anayi anayi, kondakitala n'kumati, "Amayi sunthani, pakwana wina apo," pamalo poti ngakhale nkhuku ikanadandaula. Bambo wina amene anafungatira batire la galimoto anandiyang'anitsitsa.

"Si inu Mayi Kapalamula a sitolo ija?"

"Ndine ndemwe," ndinatero. Ndikanati chiyani?

Pa depoti ndinagula chinangwa chokazinga cha K500. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K2,000, atakanitsitsa kuchotsera. Mwini wake ankazemba maenje ngati ali pa mpikisano, ine nditagwira jumbo ndi manja awiri.

Ku ofesi ndinakhala pamzere mpaka 11 koloko. Mayi wa magalasi amene anandithandiza anapempha kalata yanga yopempha kusintha dzina, chikalata chatsopano chija, chiphaso ndi nambala ya msonkho. Kenaka anandipatsa fomu.

"Latsopano lembani pamwamba, mayi, lakale m'munsimu."

Nabanda ndinalemba bwinobwino. Nditafika pa Kapalamula ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa, mwinanso kuposa tsiku la maliro. Mayiyo sanandifulumizitse.

"Ndiye mulifufuta lero lomwe?" ndinafunsa nditapukuta m'maso.

"Kuno sitifufuta, mayi. Nambala yanu ikhala yomweyo, ndipo dzina lakale likhalabe m'munsi mwa latsopano. Taonani."

Anatembenuza kompyuta. Mayina awiriwo anali pamodzi, langa ndi la amuna anga. Ndinawayang'ana mpaka wa kumbuyo kwanga anatsokomola dala.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 2 masana, mutu ukuwawa ndi dzuwa. Zaka zonsezi a misonkho ndinkawaopa ngati apolisi a pamsewu, ndipo sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzawathokoza. Abale amene tinkadyera nawo mbale imodzi anandivula dzina la munthu amene ndinakhala naye zaka makumi awiri. Tsopano mu Lilongwe monse muno, malo okhawo amene ine ndi bambo a ana anga tidakali limodzi ndi mu kompyuta ya a misonkho.