Mayi Pensulo ndi Cholembera cha Kunja

Mu labu ya matenda a khansa onse amawatchula Mayi Pensulo, ndipo ngati anali ndi dzina lina, linatsalira pa kalata yowalembera ntchito. Kwa zaka makumi awiri akhala akulandira tinyama todulidwa m'zotupa za odwala, n'kumatiika m'timabokosi tapulasitiki, n'kulembapo nambala ya mwini wake. Amalemba ndi pensulo basi.

Chaka chilichonse kumabwera madokotala achinyamata kudzaphunzira kafukufuku wamakono, wopezera wodwala aliyense mankhwala ogwirizana ndi chotupa chake. Amafika ndi makompyuta m'khwapa ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno. Bwana wamkulu amawaonetsa makina ofufuza za m'kati mwa chotupa, kenako firiji, kenako chimbudzi. Mayi Pensulo amaonetsedwa pambuyo pa chimbudzi, nthawi ikalola.

Phunziro lawo ndi limodzi lomwelo: "Ana anga, pa kabokosi musalembe ndi inki. Mankhwala oumitsira kanyama amaifufuta yonse."

Chaka chatha panali wina amene anzake ankamutcha Pulofesa, digiri yachiwiri asanainunkhize n'komwe. Atamva phunziro lija, anamwetulira n'kutulutsa cholembera chake cha kunja. "Mayi, ichi sichifufutika. Dziko linapita patsogolo."

"Chabwino, bambo. Ife otsalirafe tizikuonerani kumsana."

Lachitatu lina Mayi Pensulo anapita kukazulitsa dzino. Kunafika tinyama tiwiri, tonse ta m'mabere a amayi awiri, ndipo Pulofesa anatilemba mwaluso ndi cholembera chija. M'mawa mwake timabokosi tinatuluka m'mankhwala tili mbee, ngati mbale zotsuka. Makina anzeru aja akanatha kunena chilichonse cha kanyamako, kupatula mwini wake.

"Tingoyerekeza, mayi," anatero Pulofesa. "Kokulirapoka ndi ka amene anayamba kudulidwa."

Tsaya lili chitupire, Mayi Pensulo anapsa mtima mpaka kuiwala dzino. "Sukulu yonse ija kuti muzidzagawa mankhwala a khansa mwamayere? Tiyeni mukawauze nokha. Chingerezi muchisiye muno."

Pa benchi ya panja anapeza mmodzi wa amayi aja, telala amene anatseka shopu yake kuti adzamve ngati zotsatira zayandikira. Pulofesa anapota malilime, koma pomaliza ananena: awadulanso, ndipo adikira masabata ena atatu asanayambe mankhwala.

Mayiyo anagwira pa bandeji, n'kuyankha mwaulemu wonse. "Palibe kanthu, adokotala, odziwa ndinu. Koma mudula pomwe paja kapena pena? Chifukwa paja sipanapole."

Pulofesa anagwetsa maso pa nsapato zake. Mayi Pensulo anakhala miyezi isanu ndi umodzi akulakalaka kudzamuona munthu ameneyu atasowa chonena, koma tsiku lake litafika sanakondwe ngakhale pang'ono. Anakhala pa benchi n'kugwira dzanja la telala uja.