Dzanja Limene Jhumur Anakana

Tsiku limene Jhumur anakana kudya za m'dzanja la amayi ake, mayiyo, Monowara, sanalire. Anangobweza mpunga uja m'mbale, maso ali pa zala zake.

"Dzanja lanu likununkha, amayi," anatero mwanayo. "Kusukulu akumanditcha mwana wa kudzala. Ndizidya ndekha."

Kuno mumzinda wa Khulna mayi amakanya mpunga ndi mphodza n'kumuika mwana m'kamwa, ngakhale mwanayo atayamba kale sukulu. Ndiye taganizani, abale anga, manyazi amene anamugwira mayiyu. Anali atasamba m'manja ndi sopo mpaka khungu kutuwa, koma fungo silinachoke.

Mwamuna wake atamwalira, anangomusiyira ngolo ya njinga. Ntchito imene inapezeka inali yotolera zinyalala khomo ndi khomo. Monowara ankadzifunda mpango kumaso, kungosiya maso okha, kuti pasapezeke womudziwa. Azimayi a m'nyumba zosanja sankatsika n'komwe. Ankangoponya jumbo pawindo, phwaa! Mamba a nsomba, makoko a anyezi, matewera, mabotolo osweka, zonse pamodzi. Iye ankatola zonsezo ndi manja. Mvula ikagwa, majumbo otsala ankatseka ngalande, madzi akuda n'kulowa m'nyumba za anthu omwewo.

Mawu a mwana uja sanamugoneke tulo. Poganizira bwino, anaona kuti fungolo limayamba zinthu zonyowa zikatsekeredwa mu jumbo n'kuwolera momwemo. Ankaonanso anthu olima masamba pamadenga a nyumba akusakasaka manyowa. Ndiye anapeza mgolo wakale, nauika kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuthiramo zowola kuti zisanduke manyowa.

Apa ndi pamene analakwitsa. Kuno nyumba yosadya nsomba ndi iti? Matumbo ndi mitu ya nsomba zinalowa mumgolomo pamodzi ndi makoko. Sabata isanathe, mphutsi zinali nyakanyaka, akhwangwala ali bii pampanda, oyandikana nawo atagwira mphuno.

Mlamu wake Bilkis, mchemwali wa malemu mwamuna wake, anafika akukalipa kuyambira kumsewu.

"Mlamu, zinyalala za tauni yonse sizinakukwanireni, mwaganiza zobwera nazo pakhomo? Achimwene akanaona zimenezi! Nanga mwanayu adzakwatiwa ndi ndani, khwangwala?"

Jhumur anamva zonse. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Monowara anafuna pansi patang'ambika kuti alowepo.

Ambirife tikanalekera pomwepo. Iye m'mawa mwake anakhuthula mgolo uja ndi manja ake, anthu akumuonerera, n'kuyambiranso. Nsomba ayi. Anathiramo makoko okhaokha, masamba ouma ndi utuchi umene anapempha kwa kalipentala.

Koma panali vuto. Kuti apeze makoko osasakanikirana ndi zonyansa zina, anayenera kupempha azimayi aja kuti azipatula zinyalala m'khitchini mwawo. Ndipo munthu sungapemphe mnzako utabisa nkhope. Anaima pakhomo loyamba, navula mpango uja.

"Achemwali, ndapota nanu. Makoko muziika paokha, za nsomba paokha, mapepala ndi mabotolo paokha."

"Eee, zayamba liti zimenezi?" anayankha mayiyo uku akuseka. "Wotola zinyalala ayambenso kutilamula m'khitchini?"

Ena anamutsekera chitseko. Wina anali mnzake wa kusukulu, ndipo onse awiri anayang'ana pansi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense amene wapatula, Monowara ankamusiyira mbande ya tsabola m'chitini chakale cha penti. Tsabola atayamba kubala pamawindo, amene ankaseka aja anayamba kufunsa okha kuti, "Nanga ife mbande yathu ili kuti?"

Mapepala ndi mabotolo, poti tsopano zinali zouma, zinapeza ogula. Zopita kudzala zinachepa kwambiri. Mvula ya chaka chimenecho itabwera, ngalande ya mumsewu mwawo sinatseke. Olima pamadenga anayamba kulimbirana manyowa ake, mpaka analemba ntchito amasiye anzake awiri. Bilkis yemwe uja anatumiza thumba kuti amuthirireko, ngakhale pepani sananene.

Koma Jhumur anali akudyabe yekha, ndipo kwa Monowara zonsezi zinali zosakoma.

Tsiku lina masana, mayiyo akupeta manyowa, anaona mwana wake ataima pambali. Jhumur anawerama, natapa ndi dzanja, n'kununkhiza.

"Amayi, izi ndi zinyalala zomwe zija?"

"Zomwezo, mwanangu."

"Zikununkhira ngati dothi la mvula yoyamba."

Madzulo anaphika mphonda zimene anazilima pa manyowa omwewo. Monowara anamuikira mwanayo mbale yake patali monga mwa masiku onse. Jhumur anaikankha pang'onopang'ono kubwerera kwa amayi ake, anasendera pafupi, n'kuyasama.

Monowara anakanya mpunga ndi mphonda, namuika mwanayo m'kamwa. Tsiku limeneli ndiye analira.

Inu amene mukubisa nkhope chifukwa cha ntchito imene ikudyetsa ana anu, vulani mpangowo. Kaya mgolo wanu woyamba wawola, khuthulani, muyambirenso. Osataya mtima, abale anga. Dzanja limene akulikana lero, tsiku lina adzaliyasamira.