Njinga ya Mpingo

Sabata yatha pa wailesi panali mtsutso. Abusa awiri ndi shehe mmodzi amakangana za mipingo yampatuko, ati tingaisiyanitse bwanji ndi zipembedzo zoona. Aliyense amaloza anzake mwaulemu, iye nkudzipatula. Ndinazimitsa wailesiyo mtima utandiwira. Ine za mpatuko musandiphunzitse, anthuni. Ndinalowamo ndekha osakokedwa ndi munthu, ndipo ndinataya mwana wanga woyamba. Koma amene amafuna kuti nkhani yanga ithere pomwepo ndimawauza kuti adikire kaye, amve yonse.

Zinachitika m'zaka zomwe othawa nkhondo a ku Mozambiki anadzaza kwathu, kumapiri a ku Chowe. Ankafika m'magulu, mapazi atatupa, ena atangosenza mphika ndi mphasa. Anamanga misasa kuseri kwa minda yathu, ndipo pasanathe chaka tinali kutunga madzi pachitsime chimodzi.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mpingo unawapatsa njinga yoti aziyendera tinyumba topemphereramo ta m'midzi yakutali. M'mudzi mwathu monse njinga inali yomweyo. Inkagona m'nyumba, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuliza belu lake.

Pakati pa othawa nkhondowo panali mnyamata wina wokhoma zidebe, wofatsa, yemwe abale ake onse anathera kunkhondo. Ndinamukonda, palibe chobisa apa. Iye ankapemphera ndi kagulu ka anthu ovala zoyera, pansi pa mtengo wa msuku paphiri. Mtsogoleri wawo ankangomutchula kuti Mneneri. Nditapitako koyamba ndinalira ndi nyimbo zawo. Anthu oti aona mitembo ya ana awo m'njira, koma akuimba mpaka fumbi koboo! Anandigwira manja, kundifunsa zomwe zimandisowetsa tulo. Kutchalitchi kwathu panalibe anandifunsapo zimenezo chibadwire.

Nditakwatiwa naye, akulu a mpingo wathu anandidula. Kwathu munthu akadulidwa sadya nawo mgonero, salowa m'kwaya, sakhudza chinthu cha mpingo mpaka atalapa pamaso pa onse. Dzina langa analiwerenga ndi bambo anga omwe, Lamulungu, mawu osanjenjemera. Kunyumba anati ndatsata anthu ampatuko, a mizimu yonyansa, ndipo analavula malovu pansi.

Kuphiri kuja lamulo lalikulu linali limodzi: chipatala ayi, mapiritsi ayi, jakisoni ayi. Mneneri ankati iye anadutsa pakati pa zipolopolo ndi pemphero lokha, ndiye wopita kwa dokotala akunyoza Mulungu amene anamuwolotsa. Anthu aja analibe china chotsala kupatula mawu amenewo, ndipo anawagwiritsa.

Ndinabereka mwana wamkazi, wonenepa bwino, wa tsitsi lambiri. Atakwana miyezi khumi, kumisasa kunabuka chikuku. A zaumoyo anabwera ndi galimoto ya chimkuzamawu, kuitana amayi onse kuti abweretse ana ku katemera. Mneneri anatilamula kuti tibisale. Ine ndinakalowa m'munda wa nandolo, nkukhala pansi, mwana nditamutseka pakamwa ndi bere kuti asalire. Ndinamva galimoto ikubwera, ndinaimvanso ikupita. Izi ndinachita ndine ndi manja angawa, panalibe wondimanga chingwe.

Patapita masabata angapo mwana anatentha thupi. Maso anafiira, zidzolo zinatuluka kuyambira kuseri kwa makutu, kenako chifuwa. Anamupempherera masiku atatu, akumuwaza madzi a m'botolo omwe Mneneri anauzira mpweya. Ataona kuti sizikusintha, Mneneri anati pali tchimo lobisika kwa mayi. Ndinagwada pamiyala nkuulula machimo, ena oti sindinawachitepo nkomwe, bola mwana apume bwino. Mmawa wa tsiku lachinayi ndinaona pachifuwa pake pakulowa m'kati akamakoka mpweya, nthiti zonse kuonekera. Bere anakana.

Ndinamuuza mwamuna wanga kuti ndikupita naye kuchipatala. Iye anagwira chitseko, misozi ili chuchuchu.

"Mayi a mwana, mukapita kumeneko musadzabwerenso kuno. Mneneri sadzakulandirani, ndipo ine sindingamusiye."

Sanandimenye, sanandiletse ndi mphamvu. Anangochoka pakhomo nkukhala pansi. Ndinabereka mwana kumsana nkutuluka.

Chipatala chinali kutali, kumunsi kwa mapiri, ulendo wa theka la tsiku pansi. Panjinga munthu ankafika dzuwa lisanakwere. Ndiye ndinathamangira kwathu, komwe ndinali ndisanapondeko kwa zaka ziwiri. Amayi anga atangoona nkhope ya mwana anaponya lichero pansi nkuyamba kulira. Bambo anatuluka m'nyumba, anayang'ana mdzukulu wawo koyamba, ndipo ndinaona ndithu kuti zawakhudza. Ndinagwada.

"Ababa, tinyamuleni panjinga. Mwanayu akutsirizika."

Anapotokola chipewa m'manja. Kenako anati, "Njinga iyi si yanga, mwanawe. Ndi ya mpingo. Iwe unadulidwa. Ndikakunyamula, Lamulungu ndikayankha chiyani?"

"Wodulidwa ndine, ababa. Uyu sanadulidwe."

Amayi anakuwa kuti, "Inu, mdzukulu wanu uyu! Mwatani kodi?"

"Musandisokoneze," anatero bambo. "Zinthu zili ndi dongosolo lake. Ndikafunse kaye mkulu mnzanga. Akavomera, tinyamuka pompano."

Mkulu mnzawoyo ankakhala kutsidya kwa mtsinje, mbali yosiyana ndi kuchipatala. Bambo anatulutsa njinga ija, anamanga miyendo ya buluku ndi luzi, nkupalasa kukapempha chilolezo. Ndinaiona ndi maso angawa ikulowera kolakwika, chonyamulira chake chili chopanda kanthu. Mpaka lero ndikakumbukira pamenepa ndimafuna kuswa chinthu.

Ndipo ine, chitsiru, ndinadikira. Ndinazolowera kuti akulu akanena kuti dikira, umadikira. Mkulu uja anali atapita kudimba, bambo anamulondola komweko. Dzuwa litafika paliwombo amayi anandikankha kuti, "Nyamuka, mwana wanga, usadikire amenewa." Ndinayamba kutsika phiri wapansi, pena kuthamanga, pena kuyenda.

Chapakati pa njira anandipeza bambo wina wachisilamu wogulitsa usipa, akubwerera kunyanja panjinga yake, dengu lili lopanda kanthu. Sindinkamudziwa. Anaima, anasuzumira kumsana kwanga, osafunsa zambiri. Anabisa dengu patchire nkundiuza kuti, "Kwerani, mama." Tili m'njira anandifunsa chomwe ndinachedwera, ndipo ndinamuuza mwachidule. Anapukusa mutu.

"Akhristu inu muli ndi zinthu," anatero. Atapalasa pang'ono anaonjeza kuti, "Koma nanenso ndisaname. Mlongo wanga anakwatiwa ndi Mkhristu. Chaka chachisanu ichi sindinadye m'nyumba mwake. Akulu a kumzikiti anatiletsa."

Ndinali kumvetsera kupuma kwa mwana, kaphokoso kokhala ngati kamluzu kumsana kwangaku. Titadutsa mlatho wamitengo kaphokoso kaja kanasiya. Ndinagwira timiyendo take, tinali lende. Ndinadziwa. Koma sindinamuuze bambo uja, ndinamusiya apalase, thukuta lili kamukamu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa zikanakhala zoona.

Kuchipatala namwino anamasula chitenje, anaika chala pakhosi pa mwana, nkunena motsitsa kuti, "Mayi, mwachedwa." Sanandikalipire. Ndinalakalaka akanandikalipira.

Sindikudziwa ngati njinga ya mpingo ikanamupulumutsa. Mwina chifuwa chinali chitafika kale poipa. Mlandu woyamba ndi wanga ndi wa Mneneri uja, ndipo sindiuthawa. Koma maola amene ndinakhala pakhonde pa bambo anga ndimawadziwa ine, ndipo anandilanda si anthu ovala zoyera a paphiri. Anandilanda ndi mpingo wa njerwa zowotcha, wa belu ndi mabuku a nyimbo, womwe palibe angautchule kuti mpatuko pa wailesi. Kuphiri munthu ankaopa Mneneri kuposa imfa ya mwana wake. Kwathu munthu ankaopa akulu anzake kuposa imfa ya mdzukulu wake. Ophunzira anene kusiyana kwake, ine ndinakusowa. Sindikuti Mulungu kulibe, ndimapempherabe. Koma ndikaona munthu wamkulu akufuna chilolezo kuti achite chifundo, ndimadziwa kuti afika pamene tinafika ife, kaya pakhomo palembedwa dzina lanji.

Bambo wa usipa uja anatibweza mpaka kumudzi, maliro ali kumsana kwanga. Anthu a kuphiri anatumiza mawu kuti mwana wakhudzidwa ndi manja a chipatala, ndi wodetsedwa, sabwera. Mwamuna wanga sanabwere. Akulu a mpingo wa kwathu anakhala pansi nkugamula kuti mwanayo sanabatizidwe ndipo mayi ake ndi wodulidwa, choncho sipakhala mwambo wachikhristu: kwaya ayi, ulaliki ayi, pemphero ayi.

Mawa lake tinapita kumanda anthu ochepa. Dzenje anakumba ndi bambo anga okha, anakana kuti adzukulu okumba manda awathandize. Anavula jekete, anakumba mpaka manja kuchita matuza. Mwana tinamukulunga m'chitenje changa ndi kamphasa. Atamutsitsa, tonse tinadikira pemphero. M'mudzi mwathu munalibe maliro omwe bambo anga sanapempherepo, ngakhale a zidakwa, ndiye maso onse anali pa iwo. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo, panaima mkulu mnzawo uja, manja kumbuyo.

Ndinati, "Ababa, mupempherereni. Mawu awiri okha."

Anayang'ana m'dzenje, anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kumtengo kuja. Mkulu uja anangowayang'ana.

Bambo anatola khasu, nalipereka kwa adzukulu.

"Kwirirani," anatero.