Atazimitsa Pampu Yobweza Madzi

Ndikudziwa kuti ena adzati ndikudziyeretsa, koma zimene ndikulemba pano zinachitikadi, ndipo amene anaziona ndi maso akadali moyo ku Ndirande.

M'zaka zija magetsi ankangozimazima, ndinkagwira ntchito pa fakitale ina yopanga zakumwa, kuyang'anira thanki yotsekedwa yoyeretsera madzi oipa. Madzi otuluka m'fakitale yotere amakhala amphamvu kwambiri, odzaza shuga ndi zotsalira zina, ndipo chimene chimawayeretsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala mopanda mpweya. Madziwo akalowa osasungunulidwa, thanki imasasa ndipo tizilomboto timafa. N'chifukwa chake pamakhala pampu yobweza gawo la madzi oyeretsedwa kale kuti asakanikirane ndi atsopanowo.

Bwana wathu, munthu wosafuna kuuzidwa kanthu ndi wamng'ono, ankati kubweza madzi kumene achokera ndi misala ya ana a ku yunivesite. Sabata ina jenereta italemedwa, analamula kuti pampuyo izimitsidwe kuti makina othira zakumwa m'mabotolo asaime. Ndinamufotokozera kawiri konse kuopsa kwake, iye n'kundifunsa pamaso pa anthu ngati tizilombo tangato tili ndi ana ofunika kuwalipirira sukulu ngati antchito a pafakitale.

Patapita masiku anayi thanki inasasa, fungo la mazira oola linafika mpaka kumsika, ndipo matope anatseka paipi ya m'dzenje lotulukira madzi. Lachisanu m'mawa, ine ndili ku labu koyezera madzi, bwanayo anatuma bambo ena achikulire a ku Nsanje, amene anayamba ntchito pamenepo ine ndisanabadwe, kuti atsike akatsegule. Bambowo anasuzumira m'dzenjemo n'kununkhiza, monga ankachitira zaka zonsezo, ndipo anati fungo latha, palibe choopsa. Kodi ndi angati amadziwa kuti mpweya wonunkha ngati mazira oolawu ukachuluka umayamba wapha mphuno, munthu osamvanso kanthu?

Nditaitanidwa, ndinafika bambowo atatsika kale m'dzenjemo, atagona chafufumimba pansi pa makwerero, osagwedezeka, ndipo mlamu wawo, amenenso tinkagwira naye ntchito, anali atayamba kutsika. Ndinamugwira kolala, kumukokera kunja, n'kuima pakamwa pa dzenjelo.

"Choka apa iwe, ukufuna afe?"

"Mukatsika, achimwene, tinyamula maliro awiri."

Anandimenya chibakera pakamwa koma sindinasunthe. Tinawakoka bambowo ndi chingwe cha ngowe, ndipo anamwalira tisanafike kuchipatala.

Kumaliro anandithamangitsa. Amayi a kwaya anasiya kuimba nditangofika, chifukwa mphekesera inali itafala kale yoti ndinatseka dzenje dala, kupereka munthu nsembe kuti fakitale ilemere. Bwana uja, amene anabweretsa bokosi pa galimoto ya kampani, anamupatsa mpando pamthunzi. Lolemba lake bwanayo anayatsanso pampu ija mwakachetechete, ndipo mpaka ndinachoka pa fakitalepo sanatchulepo dzina la malemuwo.

Lero sindivomera kuti imfa ija inali ngozi, ndipo za ufiti sindizimva n'komwe. Bambowo anaphedwa ndi munthu amene anazimitsa chinthu chimene sankachimvetsa, ndipo munthuyo sindinamukhululukire. Mlamu uja tikakumana pa siteji ya minibasi amalavula pansi, ine ndimamusiya, poti ali moyo ndipo akulera ana a malemuwo. Inu amene mumagwira ntchito pa mathanki otere, musatsike m'dzenje podalira mphuno. Mnzanu akagwera m'menemo musamutsatire, ndipo wofuna kumutsatira mumugwire, ngakhale adzadane nanu moyo wake wonse.